Chitsime cha a Sulutani

Ababa anga anali okumba zitsime, ndipo ku Chileka kwathu anthu anasiya kalekale kuwaitana dzina lawo. Ankangoti a Sulutani. Dzinali linali lachipongwe, koma iwo, ndi kuuma mutu kwawo kuja, analilandira ngati laulemu n'kumaliyankha atatukula chifuwa. Ine ndine mwana wawo woyamba, wamkazi yekhayo. Ndikulemba izi chifukwa ndinawanamiza kamodzi, ndipo bodza langalo anapita nalo kumanda.

Kwawo kunali ku Lirangwe. Ku Chileka anabwera chikamwini, choncho munda unali wa amayi, malo a nyumba a amayi, ngakhale mango amene anadzala ndi manja awo ankatchedwa mango a amayi. Eni mbumba anali amalume, alongo awo a amayi, amene ankagwira ntchito yaulonda kubwalo la ndege. Amalume anali munthu wofatsa, wosekerera, wosadziwa kukweza mawu. Anthu otere ndimawaopa mpaka lero, chifukwa kanthu ukawachita amakapinda bwinobwino n'kukasunga.

Za usulutanizi zinachokera kutawuni. Ndili wamng'ono, ababa anapeza ganyu yokumba chitsime kuseri kwa nyumba ya nkhalamba ina ya Chisomali, imene ana ake anali ndi magalimoto onyamula katundu. Nkhalambayo inalibe chochita. Inkakokera mpando pakamwa pa dzenje, tiyi wake m'manja, n'kumacheza ndi munthu amene ali pansi, m'Chinyanja chake chothyokathyoka. Pamenepo ndi pamene inawafotokozera za mfumu ina yakwawo.

Nkhaniyo ababa anabwera nayo kunyumba, ndipo tinaimva mpaka inatikola. Ankati kalekale, azungu asanaponde kuno, kudziko la Asomali kunali sulutani, mfumu ya Chisilamu. Dziko lake linali louma kuposa Lirangwe m'mwezi wa Okotobala: mitsinje iwiri yokha, kwina konseko fumbi ndi minga. Abusa a ngamila ankaphana polimbirana chithaphwi. Sulutaniyo atalowa ufumu sanayambe ndi kudzimangira nyumba. Anayamba ndi madzi. Anatumiza amisiri m'dziko lonse kukakumba zitsime zakuya, n'kuziyala miyala kuchokera pansi mpaka pakamwa kuti zisagumuke. Anamangitsa nkhokwe za miyala zosungira madzi a mvula, anakumbitsa ngalande zochoka kumtsinje kukathirira minda ya mapira. Mafuko amene sankamwerana madzi anayamba kukumana pazitsime zake, amalonda a zombo ankabwera kudzagula zokolola, ndipo anthu anamugonjera popanda iye kuwaloza mkondo.

Akafika apa ababa ankakweza chala n'kunena kuti, "Ndiye mumve. Munthuyo anafa kalekale, koma zitsime zake anthu akutungabe mpaka lero. Nkhalamba ija inamwapo yokha ili mwana."

Tsiku lina amayi anafunsa kuti, "Nanga sulutani wanuyo anathera kuti?"

Ababa anati nkhani inathera pompo.

Chilimwe chotsatira anayamba kukumba kumunsi kwa munda wa amayi. Sichinali chitsime chaganyu chija chongofika pamadzi n'kutuluka. Miyala ankakaitenga kuphiri pa wilibala, n'kumaisema umodzi umodzi, n'kumaiyala mizere mizere. Ntchitoyo inadya zilimwe ziwiri. Mudzi wonse unaseka. Mkamwini wanzeru amakumba chimbudzi ndi dzenje la zinyalala, zinthu zoti akazisiya mtima sungawawe. Ndani anaona mkamwini akuyala miyala m'nthaka ya eni ake? Amayi omwe anaima pakamwa pa dzenje tsiku lina, manja m'chiuno, n'kufunsa kuti, "Kodi bambo a ana, miyala imeneyi mudzainyamula popita kwanu?"

Mawu anachokera pansi, ogunda ngati a mumgolo: "Kwathu ndi kumene ndatulutsa madzi."

Madzi anatuluka, ndipo apa ndisaname, anali madzi. Ozizira, oyera, otsekemera. Ababa madzi ankawadziwa ndi lilime. Ankapaka pang'ono m'kamwa, kutsinzina, kenako n'kukuuza ngati adutsa m'dongo, mumchenga kapena m'mwala wamchere. Tsiku limene analawa a chitsime chawo anangokhala pansi pamulu wa dothi, matope thupi lonse, n'kumaseka okha ngati munthu wozungulira mutu. Aja ankaseka aja anali oyamba kufika ndi ndowa.

Poyamba chitsime chinali cha aliyense. Kenako zinayamba zimene zimayamba. Wina waponyamo ndowa yochokera m'khola la nkhumba. Wina akuchapa matewera pakamwa penipeni. M'mawa wina tinavuulamo nkhuku yakufa. Ababa anaumba chivundikiro cha simenti, anaikapo kachitseko kachitsulo, n'kukoloweka loko. Kiyi anaimanga pachingwe n'kuivala m'khosi. Kutunga kunakhala kwa m'mawa ndi madzulo, ndi ndowa imodzi yokha, yawo. Mpaka apa sindiwadzudzula. Chitsime chikanafa.

Koma kiyi ija inayamba kuwakomera. Amayi a m'mudzi ankafika m'mawa n'kupeza a Sulutani akumwa tiyi, ndipo tiyi wa tsiku limenelo sankatha msanga. Wosapereka moni wogwada ankabwerera ndi ndowa youma. Aja anawaseka pokumba ankaikidwa kumapeto kwa mzere, ndipo ababa ankakumbukira aliyense ndi mawu amene ananena. Munthu amene kwa zaka zonse ankakhala kumbuyo pamilandu ya pamudzi, wosafunsidwa maganizo ngakhale pa za ana ake omwe, tsopano mudzi wonse unkadikira kuti atsirize tiyi. Ndikaganiza lero ndimamvetsa. Nthawi imeneyo ndinkangochita manyazi.

Chaka china amalume ankaumba njerwa zoti awonjezere nyumba. Anabwera okha kuchitsime, ali mu yunifolomu yawo ya kuntchito, akazi a m'mudzi ali pamzere wotunga.

"Alamu, tingobwerekako kiyiyo masiku awiri, tithire dothi."

"Madzi akumwa saumbira njerwa."

"Tikangotunga masana, pamene anthu satunga."

"Alamu, kiyi iyi sibwerekedwa. Kumtsinje madzi sanathe."

Akazi onse anayang'ana pansi. Amalume anamwetulira, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Chabwino alamu. Mwini chitsime ndinu." Anatembenuka n'kumapita pang'onopang'ono. Njerwa zawo anaumbira kumtsinje, n'kumazituta pa ngolo.

Nanenso ndinali ndi changa. Kutatsala tsiku limodzi kuti chinkhoswe changa chichitike, ababa analawirira ku Madziabango kukaona chitsime cha munthu chimene chinagumuka, kiyi ili m'khosi. Kaya anaiwala, kaya sanaiwale, sindinadziwe. Akazi anali atasonkhana kuti aphike thobwa, migolo ili mbee. Tinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Ine magazi anandikwera, ndinatenga mwala n'kuyamba kuphwanya loko. Loko sanathyoke, anangopindika. Thobwa la chinkhoswe changa linaphikidwa ndi madzi a kumtsinje, chitsime chili pakhomo. Ababa atabwera n'kuona loko wopindika, anaima pakati pa bwalo, alendo a kuchimuna atafika kale, n'kufuula kuti, "Pakhomo pano pali mbava!" Aliyense ankadziwa kuti mbavayo ndine. Mawu amenewo ndinawasunga, ndipo pakusunga zinthu ndinatengera amalume.

Amayi anamwalira patapita zaka zingapo, atadwala nthawi yochepa. Litafika tsiku lometa, anthu anakhala pansi pa mango aja, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kuti asudzule ababa. Zimenezi sizinali zoopsa. Mkamwini wokalamba, wa ana akuluakulu, kawirikawiri amauzidwa kuti, takumasulani, koma khalani muziyang'anira ana. Ababa anakhala pampando wawo mosatekeseka, kiyi ikulendewera pachifuwa.

Amalume anayankhula mofatsa monga mwa masiku onse. "Alamu athuwa anatisungira mlongo wathu bwino, sitingawanamizire. Lero tawamasula. Zoti akhale kapena apite, ife sitinenapo kanthu. Pakhomo pano tsopano ndi pa ana. Ana anene."

Alongo anga awiri anali atakwatira kwina, nawonso ali pachikamwini. Wotsala pamalo a amayi ndinali ine. Maso onse anatembenukira kwa ine. Mawu amene ankafunika anali amodzi okha: akhale. Palibe akanandikaniza. Ndinayang'ana ababa, ndipo chimene ndinaona ndi kiyi ija. Ndinayang'ana pansi n'kuyamba kusosola ulusi wa chitenje changa. Ndege ina inadutsa pamwamba ikutera, anthu n'kudikira kuti phokoso lithe, poganiza kuti ndiyankhula. Phokoso linatha, ine osayankhula.

Amalume anadikira nthawi yaitali ndithu, kuti pasadzakhale wonena kuti anandithamangitsa. Kenako anati, "Chete ameneyu tamumva."

Katundu wa ababa anali wochepa mochititsa manyazi: piki, fosholo, chingwe, bulangeti, wailesi ndi kachikwama ka zovala. Zaka zonse zija zinakwana pa wilibala imodzi. Ine ndi amene ndinaikankha powaperekeza kumsewu. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Anangoti tidzere kuchitsime. Anatsegula loko, anatunga, anamwa pang'onopang'ono, kenako anavula chingwe chija m'khosi n'kundipatsa.

"Nkhani ya sulutani ija ili ndi kumapeto," anatero. "Amayi ako anandifunsa, ine ndinawabisira."

Anandiuza titaima pomwepo. Sulutani uja atakalamba anaika asilikali pachitsime chilichonse. Womwetsa ziweto ankayenera kusiya ngamila imodzi ya mfumu. Mafuko amene anamuyankhapo mwano ankaloledwa kutunga ena onse atatha, kapena osaloledwa n'komwe. Zinafika poti ngakhale mkwatibwi ankayamba wakagona kunyumba ya mfumu asanapite kwa mwamuna wake. Chaka china chachilala abusa anafika pachitsime, ngamila zawo zikugwa ndi ludzu, msilikali n'kuwauza kuti lero si tsiku lawo. Anamupha pomwepo. Mbiri inayenda kuchoka pachitsime china kufika pa china, ndipo paliponse anthu anachita chimodzimodzi. Sulutani anathawa mumzinda wake, n'kukafera kumene palibe akudziwa.

"Nkhalamba ija inandiuza zimenezi tsiku lomaliza, ndikutuluka m'dzenje," anatero ababa.

"Nanga munkadziwa, bwanji munachita zomwezo?"

"Ndinkaona ngati mbali imeneyo si yanga."

Ndinawafunsa dzina la sulutaniyo, chifukwa zaka zonsezo sanalitchulepo. Anati nkhalamba inawatchulira koma linali lalitali, linawathawa asanafike n'kunyumba komwe. Kenako anamenya chivundikiro cha simenti ndi chikhatho, monga mmene munthu amasisitira ng'ombe yake, n'kunena kuti, "Anamuthamangitsa, inde. Koma madzi ake ndi abwino mpaka lero. Chimenecho sanamulande." Ndinadziwa kuti sakunena za munthu wa ku Somaliya.

Sabata yomweyo ndinapereka kiyi kwa amalume. Iwo anachotsa loko n'kumuponya m'chimbudzi, koma ndowa imodzi ija ndi malamulo a kachapidwe anazisunga monga mmene ababa anaikira. Za mwini malamulowo sanazitchulenso.

Ku Lirangwe ababa anakafikira kwa azakhali, mlongo wawo, m'kanyumba kamene kale kanali kosungiramo chimanga. Kumudzi kwawo komwe anali mlendo. Anzawo ambiri anali atafa, ana sankawadziwa, ndipo kunalibe wowaitana a Sulutani ngakhale mwachipongwe. Chifuwa chinayamba kuwavuta, mwina chifukwa cha fumbi ndi chinyezi cha m'maenje, miyendo n'kutupa. Madzi a mjigo wa kumeneko ankawakana, ankati ndi amchere, amawakanda kukhosi. Nditapita kukawaona koyamba sananene za tsiku lometa lija. Anangopempha chinthu chimodzi.

"Ukamabwera, uzinditengerako madzi a pachitsime."

Ndinapeza chigubu chachikasu, chija cha mafuta ophikira, ndinachitsuka ndi phulusa, n'kuyamba ulendo wa mwezi ndi mwezi. Amene sananyamulepo madzi pa minibasi asandiweruze msanga. Kuchoka kunyumba kufika kumsewu, chigubu pamutu, mwana kumsana. Kukwera mpaka pa Kameza, kondakitala akulalata kuti ndinyowetsa anthu. Kutsika, kudikira ina yodzera ku Lunzu, anthu akundifunsa ngati ku Lirangwe kulibe madzi. Ndikafika, ababa ankathira pang'ono m'kapu, kupaka m'kamwa, kutsinzina, n'kugwedeza mutu. Kenako mafunso: madzi ali pamzere wachingati wa miyala, chivundikiro sichinang'ambike, ana sakuponyamo zinthu? Za ine ndi ana anga ankafunsa pomaliza, akakumbukira. Chigubucho ankachibisa kunsi kwa bedi n'kumamwa kapu imodzi patsiku ngati mankhwala.

Ndinachita zimenezi nthawi yaitali, ndipo mumtima ndinkati ndikulipira chete wanga uja. Koma mkwiyo sunathe. Ulendo uliwonse ndinkabwerera ndikung'ung'udza kuti munthu uyu anakonda dzenje kuposa anthu, ndipo mpaka pano akundisenzetsa dzenje lakelo.

Tsiku lina la dzinja ndinadzuka mochedwa, mvula ikuwaza, mwana akutentha thupi, msana ukundiwawa. Ndinayang'ana chigubu, ndinayang'ana njira yamatope yopita kumunsi kwa munda, n'kunena kuti madzi ndi madzi. Ndinachinyamula chopanda kanthu. Ulendo unali wopepuka bwanji! Nditatsika pa Lirangwe ndinapatukira pamjigo wina wapafupi ndi siteji n'kuchidzaza. Kunena zoona ndinkadziwa kuti andigwira. Lilime lija silikanapusitsidwa. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, anditchula mbava kachiwiri, ine n'kupeza poyambira kuwauza zonse zimene ndinasunga. Mkangano umenewo ndinkaufuna.

Ndinawapeza atagona. Anadzuka movutikira, anathira m'kapu, anapaka m'kamwa, anatsinzina. Anameza, analawanso kachiwiri.

"Watunga lero?"

"Lero, ababa."

"Pachitsime?"

"Pachitsime."

Anandiyang'ana, ine n'kukonzeka. Koma m'maso mwawo munalibe kundikayikira ngakhale pang'ono. Munthu amene ankakayikira mudzi wonse, wokhoma loko ngakhale kwa mkazi wake, anakhulupirira ine.

"Walowa mchere," anatero ndi mawu otsika.

Kenako anapitiriza.

"Pansi paja panali mwala wotuwa, mbali ya kumadzulo. Ndinauona. Ndinati ndiutseke ndi simenti, koma mvula inali pafupi, ndinafulumira." Anaika kapu pansi. "Ndiye kuti wadyeka. Mchere ukalowa sutulukanso. Zaka ziwiri, zitatu, anthu achisiya."

"Mwina ndi mvulayi, ababa."

"Mvula sithira mchere. Ndine ndinalakwitsa." Anagonanso n'kutembenukira kukhoma. "Usamavutikenso kunyamula, mwananga. Amenewa ndi ofanana ndi a kuno."

Mawu anali pafupi, ochepa ngati a tsiku lometa lija: ndanama, ndatunga pamjigo. Sindinawanene. Ndinachita manyazi, ndipo ndinadziuza kuti mwezi wamawa ndibwera ndi madzi enieni, alawa, aseka, ine n'kuulula tikuseka. Ndinawafunditsa bulangeti, ndinatsanzika azakhali, n'kukakwera minibasi.

Mwezi sunathe. Azakhali anaimba foni m'mawa wina ndili kumunda, kundiuza kuti ababa atisiya. Pambuyo pake anandiuza kuti masiku otsirizawo ababa sankayankhula zambiri, koma aliyense wobwera kudzawazonda ankamuuza kuti ku Chileka anakumbako chitsime, koma chinawonongeka.

Kumaliro ndinapita ndi chigubu chodzaza, chotunga pachitsime chenicheni. Sindikudziwa chimene ndinkaganiza. Ndinachiika pakhomo pa kanyumba kaja n'kulowa kukalira. Potuluka ndinapeza akazi ophika atachitenga kale, akutsukira mbale.

Chitsime chilipo. Mjigo umene unakumbidwa pafupi ndi sukulu wawonongeka kangapo, ndipo ukawonongeka mudzi wonse umatsikira kumunsi kwa munda wa amayi. Palibe mwala umene wagwa. Ana amati tikukatunga pa Sulutani, ndipo ukawafunsa kuti Sulutaniyo ndani, amangoseka. Amalume, okalamba tsopano, amauza alendo kuti chitsimechi ndi cha mbumba yathu, ndipo sanama, chili m'nthaka yathu.

Ine ndimatunga m'mawa uliwonse. Ndisanathire mumtsuko ndimapaka pang'ono m'kamwa n'kutsinzina, ngakhale lilime langa silidziwa dongo ndi mchenga. Ndimafunafuna mchere. Pena ndimalakalaka nditaupeza, kuti zimene ababa anafa akukhulupirira zikhale zoona, ine ndipume. Mulibe. Madziwo ndi otsekemera ngati tsiku loyamba, ndipo ndimawameza ndi mkwiyo.